A Chidendene Afunafuna Mkangano

Mphekesera imene ikuyenda mumsewu mwathu ndi yakuti banja la a Chidendene, osoka nsapato aja, latha. Akuti bamboyo ndi wosayamika. Mkazi wake anavutika naye pa matenda, kumusambitsa, kumutembenuza, kumudyetsa ndi supuni ngati khanda, koma pakamwa patangotseguka, chinthu choyamba chimene anachita ndi kunyoza mkaziyo, kunyoza kwakenso kochita kupeka ndakatulo. Akuti Lamulungu lapitali mayiyo zinamukwana, anagenda mwamuna wake ndi mbale, ndipo anthu anamuona akutulutsa thumba la katundu. Amene akuithamangitsa kwambiri nkhaniyi ndi ometa tsitsi oyandikana ndi malo a a Chidendene, munthu woti akakugwira mutu suchoka mpaka nkhani ithe, ndipo ukamutsutsa umatuluka khutu limodzi litafupikirapo.

Ine ndine mlamu wawo wa a Chidendene. Mayi akunenedwayo ndi achemwali anga, bere limodzi. Lamulungulo ndinalipo, ndipo mbale ija inaphonya ine, osati iwo. Ndiye ndiloleni ndiwongole. Mbale inaulukadi. Ndakatulo zonyoza zinalipodi, zina ndinachita kuziloweza, ine amene kusukulu ndinalephera kuloweza ngakhale dzina la aphunzitsi. Thumba linatulukadi. Koma wonena kuti banja latha ali ngati munthu womva injini ikulira n'kumati galimoto yafa.

Dzina la Chidendene anawapatsa ndi anthu a mumsewu, chifukwa alamu anga sazindikira munthu ndi nkhope. Ukawapatsa moni amayamba ayang'ana pansi. "Ooh, ndiwe uja wodya chidendene chakumanzere." Basi akudziwa. Malo awo ali pakhonde la sitolo ya zitsulo: benchi lalifupi loti linasalala ndi kukhalidwa, chitini cha misomali, chitini cha guluu chimene ukachinunkhiza kwambiri umayamba kukonda anthu onse, ulusi wopaka phula, zidutswa za tayala zodulapo soli, hamala, ndi chitsulo cha miyendo itatu chokhomerapo nsapato. Kumbuyo kwawo kuli phiri la nsapato zimene eni ake anatopa kuzilondola, chifukwa alamu anga, monga osoka nsapato onse pansi pano, anali ndi yankho limodzi kwa aliyense wodzatenga nsapato yake: "Mawa."

Achemwali amasita zovala za anthu kunyumba. Zida zawo ndi simbi, tebulo lakale loyalapo bulangeti, ndi pakamwa. Awiriwa chikwatiranireni sanadutsitsepo tsiku osakangana. Ukafika m'mawa umapeza ntchito yayamba kale.

"Tiyi ameneyu mwawiritsa, kapena mwangomuopseza?"

"Kamweni wa kwa amayi anu. Chimutu ngati chitsulo chanu chokhomera."

"Mlamu, wailesi imeneyi unakula nayo. Pozimitsira pake ndi pati?"

Ankakangana za zenera, wina alitsegule wina alitseke. Ankakangana za amene wamaliza sopo. Ankakangana zakuti ndi mtundu wa yani uli ndi anthu oipa nkhope, ndipo pamenepo umboni wa alamu ndinkakhala ine. Ndili wachinyamata ndinayesapo kuleretsa. Onse awiri ananditembenukira, ndinatuluka m'nyumbamo ndikudziwa zinthu za ine mwini zimene sindinkazidziwa. Nditabwerera kudzatenga chipewa, ndinapeza akugawana buledi, akuseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti ena amakondana ndi maluwa, awa amakondana ndi makani.

Chaka chatha, m'mawa wina, alamu ali pabenchi pawo misomali ili pakamwa, anangopendekeka n'kugwera paphiri la nsapato lija. Ometa tsitsi anayamba alengeza kuti munthu waledzera dzuwa lisanakwere, kenako ndi pamene anaganiza zoitana galimoto. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo wamanja unkangokwekweretseka, pakamwa panakhota. Ndipo mawu onse anathawa. Munthu amene ankalankhula ngakhale akutafuna anatsala ndi liwu limodzi lokha, ndipo mwa mawu onse a padziko, limene linakana kuthawa linali la ntchito lija.

Adokotala anawafunsa dzina lawo. "Mawa."

Anamwino anabwera ndi jakisoni. "Mawa." Pamenepo ndiye ngakhale ine ndinagwirizana nawo.

Abusa anabwera kudzawapempherera, n'kuwafunsa mokweza ngati ali okonzeka kusiya zoipa zawo zonse. Alamu anawayang'ana m'maso, misozi ili lengelenge, n'kunena ndi mtima wonse: "Mawa." Ine ndinathawira panja kukaseka, ndipo ndili komweko kuseka kuja kunasanduka china.

Atabwerera kunyumba, ndinapeza kuti matenda agwira anthu awiri. Achemwali anga ndinalephera kuwazindikira. Mawu awo, aja ankadutsa makoma n'kukadzutsa agalu a mumsewu wina, anasanduka a nkhunda. "Abambo, mwadzuka bwanji? Abambo, phala latentha kodi? Pepani abambo." Ine ndinatembenuka kufunafuna abambo akunenedwawo. Anawagulira mapilo, wina kumsana, wina kumwendo, wina wongodikira. Anawagulira kapu ya mlomo ngati ya mwana. Zenera ankafunsa kaye asanaligwire. M'nyumba munangoti zii, moti unkamva simbi ikupuma.

Alamu anayamba kuonda. Ankakhala pampando wawo atatembenukira kukhoma. Tsiku lina ndinawaona ndi maso angawa akukankha kapu ya tiyi ndi chigongono, mwadala, pang'onopang'ono, mpaka inagwa n'kunyowetsa malaya oyera a kasitomala amene anali atangositidwa. Anakweza nkhope akudikira, ngati mlimi woyang'ana mtambo.

"Palibe kanthu, abambo," anatero achemwali. "Ndichapanso."

Alamu anandiyang'ana ndi maso a galu wotsekeredwa panja mvula ikugwa. Nthawi imeneyo sindinamvetse, koma ndikuuzeni pano kuti musasochere ngati ine: dzanja ankalilira, mawu ankawalira, koma chimene chinkawapha kwenikweni ndi ulemu. Ankafuna mkazi wawo awakalipire. Ndizo basi.

Mayi wa mafizo, amene ankabwera kudzawawongola mwendo, ndiye anati dzanja lamanzere lipatsidwe chochita, chinthu chimene munthuyo amachidziwa. Ndinapita pakhonde paja n'kukatenga hamala ndi chitsulo cha miyendo itatu. Poti nsapato yoyeserera ndinaiwala kutenga, ndinavula yanga. Musaifunse zaka. Alamu anachipana chitsulo ndi maondo, anachiveka nsapatoyo, anaiyang'ana monyansidwa ngati kale, n'kuyamba kumenya. Go. Go. Go. Go. Hamala inapeza kayendedwe kake. Kenako ndinamva mawu okhakhala, ngati chitseko cha dzimbiri, akutuluka limodzi ndi kumenyako, chidutswa chilichonse pa go wake:

Nsapato ya mlamu
yatsegula kukamwa,
ikufuna kuulula
kumene imagona.

Achemwali anagwetsa beseni. Mayi wa mafizo anakhala pansi. Ine ndinaima ndi phazi limodzi, sokosi yobowoka ili pamtunda, osadziwa ngati ndilire kapena ndikane mlandu.

"Alamu, tabwerezani!"

Anasiya kumenya, anatsegula pakamwa. "Mawa."

Mayi wa mafizo anati zoterezi anazionapo. Anati mawu a alamu ali ngati anthu otsekeredwa m'nyumba yoti chitseko chakhomedwa, ndiye apeza zenera. Akamalankhula wamba, njira yatsekeka. Koma pakakhala kugunda, ndipo mawuwo akhale afupiafupi, oyenda mumzere ngati nyimbo, amatuluka. Ine ndakatulo ndinkaidziwa ngati chinthu cha ana ovala yunifomu, oima kutsogolo manja ali kumbuyo. Sindinkadziwa kuti munthu angapemphere nayo madzi akumwa. Koma ndi mmene zinakhalira. Akafuna madzi, hamala. Akafuna kupita kuchimbudzi, hamala, ndipo ndakatulo za kumeneko zinkakhala zazifupi kwambiri.

Hamala inayamba kuyenda nawo ponseponse. Tebulo lodyera linachita zibowo ngati munthu wa nthomba. Mkono wa mpando unathyoka. Kutchalitchi anawapempha mwaulemu kuti aziisiya pakhomo, atagunda benchi pakati pa ulaliki n'kufunsa m'mizere inayi ngati abusa ali ndi wotchi.

Ulendo wina ndinawaperekeza kuchipatala pa minibasi. Hamala ndinailanda, n'kuiika m'thumba mwanga. Tili m'njira, alamu anaona nsapato za bambo wina wa tayi, mtima unawayabwa, anayamba kugogoda chitsulo cha galimoto ndi chibakera. Mukudziwa kuti dalaivala akamva kugogoda amadziwa kuti kondakitala akuti pali wotsika. Anaima. Palibe wotsika. Tinanyamuka. Alamu anayamba mzere wachiwiri. Anaimanso. Dalaivala anatukwana kondakitala, kondakitala analumbira pali amayi ake kuti manja ake ali m'thumba. Pofika mzere wachinayi, awiriwa anali atatsika akukokana makolala, bambo wa tayi akubisa mapazi pansi pa mpando, minibasi yonse ikupempha alamu kuti amalize kaye ndakatulo.

Koma zonsezi zinali zongonolera mpeni. Chimene ankafuna chinali kunyumba. Atangoona kuti mawu akumvera, anatembenuzira mfuti kwa achemwali. M'mawa wina tiyi atafika, anakoka chitsulo chawo.

Tiyi wa m'nyumba muno
masamba anawaonera patali,
shuga anangomva mbiri yake,
mkaka unatumiza moni.

Anaika hamala pansi, anakhala tsonga, maso akuwala. Ine ndinasendeza mpando wanga kufupi ndi khomo, podziwa zimene zinkatsatira mawu otere kale.

Achemwali anaomba m'manja. "Achimwene, mwamva? Anena kuti ‘unatumiza’! Liwu lalitali chonchi! Mulungu ndi wabwino!" Anathamangira foni kuimbira mwana wawo wamkazi amene amakhala kutali. "Tamvera abambo ako. Abambo, tabwerezani ija ya tiyi ija, mwana amve."

Alamu anayesa ya mkonono, yakuti mkazi wawo akagona makoswe amasamuka ndi ana awo. Achemwali analira ndi chimwemwe. Anayesa ya patapata zawo, yakuti imodzi imapita kumsika inzake ikubwerera. Achemwali anawapsompsona pachipumi, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire, ndipo alamu anachita tsinya ngati alumidwa ndi njuchi. Anayesa ya mtundu wathu wonse, kuyambira agogo mpaka ine, ndipo ya ine inali yaitali. Achemwali anaitana amayi a kwaya kuti adzamve zodabwitsa. Amayiwo anakhala pamzere m'chipinda chochezera, zikwama pamiyendo.

"Abambo, tawanenerani alendo ija ya mkonono wanga."

Munthu wamkulu, wodziwika mumsewu wonse ndi lilime, anasanduka mwana woimitsidwa pamaso pa alendo kuti awerenge mpaka teni. Ananena. Amayi anati ameni.

Tsiku lina achemwali atapita kukapereka zovala, alamu anandikodola. Anamenya chitsulo pang'onopang'ono, osati mwa masiku onse.

Mlamu, usandinamize,
kodi ndinafa kale?
Wamoyo amam'kalipira.
Kunong'ona n'kwa pamaliro.

Ine nthabwala ndimakhala nazo zodzaza matumba, koma tsiku limenelo ndinapisa ndinapeza mulibe.

Achemwali atabwerako, ndinawatsatira kuseri kumene amasitira. Ndisanafike ndinamva mawu amene ndinawasowa miyezi yonseyi, koma otsitsa, otulukira m'mano. Ndinasuzumira. Anali okha, akukanikiza simbi pa buluku la munthu ngati akufuna kuliboola.

"Mkaka unatumiza moni? Munagulapo mkaka inu? Ng'ombe ikukudziwani? Chimutu!"

"Achemwali, mukulankhula ndi buluku?"

Anadzidzimuka, kenako anakhala pampando n'kupukuta nkhope ndi nsalu. Anati ndakatulo iliyonse ya alamu yankho lake ali nalo, lakupsa bwino, koma amakalipereka kwa zovala za anthu. Makolala awiri anali atapserera kale chifukwa cha ya patapata ija.

"Nanga bwanji osawayankha eni akewo? Munthu uja akufa ndi njala ya pakamwa panu."

"Iwe, adokotala anati asamakwiye." Kenako anati, "M'mawa umene anagwa uja ndinawakalipira chifukwa cha thaulo lonyowa pabedi. Ndinawaperekeza ndi mawu mpaka pamsewu. Dzuwa lisanafike pamutu ndikumva agwa. Ukufuna ndibwerezenso? Ndiwamalize?"

Ndinawauza kuti thaulo silinagwetsepo munthu, kuti akanakhala kuti mawu awo amapha, mumsewu muno mukanatsala mbuzi zokha. Anandiopseza ndi simbi. Ine amandikalipira bwinobwino, poti ine ndikafa palibe chotayika.

Ndinabwerera kwa alamu ndi nzeru zanga. Tinanyowetsa thaulo n'kuliyala pakati pa bedi. Achemwali analiyanika akuimba nyimbo. Tinapeka ndakatulo yotamanda tiyi wa mayi woyandikana nawo nyumba. Achemwali anapita kukamupempha mayiyo kuti aziwaphikira alamu tiyi, poti ndi amene akumukonda. Alamu anamwa tiyi wa eni ake sabata yonse, woipa kuposa mankhwala, akundiyang'ana ngati andimeze.

Kunja zinthu zinkayenda. Anabwerera pabenchi pawo, theka la tsiku, ndodo pambali. Kusoka kunkavuta, koma kukhoma soli ndi dzanja lamanzere anakuzolowera, misomali yokhota ikucheperachepera. Anthu ankabweretsa ngakhale nsapato zabwinobwino kuti angomva zimene zinenedwe za chidendene chawo. Mawu ena anayamba kutuluka okha opanda hamala, amodziamodzi, olemera ngati njerwa: "ayi", "choka", "wabodza". Onse atatu anawaphunzirira pa ometa tsitsi. Dzanja lakufa lija ankaligoneka pamwendo n'kumalinena pamaso pa anthu:

Dzanja langa lamanja,
unasiya ntchito osatsanzika.
Tigona bedi limodzi,
koma moni supereka.

Anthu ankaseka, iwonso ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Ndinaona kuti chinthu ukachinena m'ndakatulo chimachepa msinkhu, chimakhala choti ungachinyamule. Koma ikakwana nthawi yobwerera kunyumba, nkhope inkagwa ngati ya mwana wopita kukabayitsa.

Loweruka lapitali alamu anandiuza, ndi hamala yawo, kuti atopa. Anati ngati mkazi wawo wasankha kukhala ndi wodwala, iwo akhala wodwala wamakhalidwe. Zonyoza zatha. Anandiitana kudzadya nawo mawa lake.

Lamulungu masana tinakhala patebulo la zibowo lija, mpunga ndi mazira. Achemwali anali atawakonzera mapilo, atawamangirira kansalu pakhosi. Tisanayambe kudya alamu anatembenuza hamala, n'kuyamba kugunda tebulo ndi chogwirira chake, mofatsa.

Mayi, zikomo.
Munanditola pansi
ngati nsapato ya mumsewu
yopanda inzake.
Munandipukuta, munandisoka.
Tiyi wanu ndi wabwino.
Zonse zija mundikhululukire.
Ndakhala nanu bwino.

Ndinayang'ana achemwali ndikudikira misozi ndi foni. Iwo anaika supuni pansi pang'onopang'ono. Mphuno zinayamba kutukuka. Chizindikiro chimenecho ndimachidziwa kuyambira ndili mwana, ndipo miyendo yanga inachikumbukira mutu usanachikumbukire.

"Mwati chiyani?"

Alamu anayang'ana m'mbale mwawo.

"‘Ndakhala nanu bwino.’ Mukupita kuti? Ndikufunsa inu, madala inu! Mukutsanzika ndani? Zaka zonsezi zikomo wanu sindinamumvepo, ngakhale tsiku limene ndinakuberekerani mwana munati wafanana ndi achimwene anga, ndiye lero mukufuna mundizembere ndi zikomo? Ndakunyamulani, msana wanga unatha, ndiye mufe? Wakupatsani chilolezo ndani?"

"Achemwali, adokotala anati…"

"Iwe khala chete, mphuno ngati chogwirira ketulo!"

Damu linaphulika. Zonse zimene zovala za anthu zinamva miyezi yonseyi zinatuluka mwa ndondomeko yake. "Tiyi wanga ndi wabwino? Bodza! Tiyi ameneyu ndi madzi, shuga anakuletsani kuchipatala, ndipo muzimwa choncho mpaka mukalambe! Mkonono? Inu mumaliza ngati thirakitala yokwera phiri, ine ndimangoyankha! Patapata zanga zinatha chifukwa ndinakwatiwa ndi wosoka nsapato, mkazi wa wosoka nsapato ndi amene amayenda chapansi mumsewu wonse uno! Ndiye thaulo lija! Mumayesa sindinadziwe kuti munanyowetsa dala, inu ndi chitsiru ichi?"

Pamenepo ndi pamene ndinaseka, ndipo pamenepo ndi pamene mbale inauluka. Inandidutsa pakhutu n'kukagunda chitseko.

Ndinatembenukira kwa alamu ndi mantha, kuti mwina tiwanyamulanso. Anthuni, nkhope imeneyo sindidzaiiwala. Inkawala ngati nsapato ya mkwati. Anazula kansalu ka pakhosi, anatembenuza hamala kumutu kwake, n'kuligunda tebulo mpaka mazira anadumpha.

Wailesi yakonzeka!
Mabatire ndi atsopano!
Mlamu, tseka zenera,
anthu angatibere!

"Zenera limenelo lisatsekedwe!" anakuwa achemwali. Anavula patapata n'kuyamba kumenya nayo tebulo uku akuyankha, osadziwa kuti mawu awo agwera m'kugunda komweko. Uku hamala, uku patapata, mzere wa bambo, mzere wa mayi. Ine ndinatola mbale yanga ya mpunga n'kukadyera pakona, ngati munthu woonera mpira. Pazenera panadzaza mitu, ndipo mutu wa patsogolo, wometedwa bwino, mukuudziwa mwini wake.

Thumba limene anthu analiona likutuluka linali la mapilo, kapu ya mlomo ija, ndi tinsalu ta pakhosi. Achemwali analiponya pakhonde akunena kuti munthu wokhala ndi mphamvu zoswa tebulo angathe kudziyanikira yekha thaulo. Atabwerera anakhala pansi akupuma mwa befu, anayang'ana mwamuna wawo nthawi yaitali ngati akuwerenga ngati ziwalo zonse zilipo. Zinalipo. Alamu anadya mpunga wawo wonse, n'kukankha mbale yopanda kanthu kuti awonjezeredwe.

"Miyendo muli nayo. Poto ali apo."

Anadzuka ndi ndodo yawo, akukwekwereza mwendo, akung'ung'udza mosangalala mpaka kukhitchini.

Dzulo ndinadutsa pakhonde paja. Ndinawapeza akukhoma soli, misomali ili pakamwa, tsaya layamba kubwerera. Ometa tsitsi anali pakhomo pawo, lumo m'manja, khutu litatalika ngati la bulu. Ndinakhala pabenchi n'kuwafotokozera alamu zonse zimene zikunenedwa: kuti ndi osayamika, kuti anyoza mkazi amene anawasamalira, kuti mumsewu monse anthu akuti kwa a Chidendene kwatha chifukwa phokoso lake likumveka mpaka kusiteji ya minibasi.

Analavulira misomali m'dzanja. Ananyamula hamala, ndipo ine ndinakhala bwino kudikira ndakatulo. Koma anaiyang'ana hamalayo, n'kuiika pansi. Anatembenukira kwa ometa tsitsi, anakoka mpweya, n'kutulutsa mawu okha, limodzilimodzi, ngati munthu wotsitsa katundu wolemera:

"Kwanga… kukadzati zii… mudzabwere ndi bokosi. Pano… metani mitu. Za eni ake… zisiyeni."